Amene Ankamuponyera Nisio

Ntchito ya Nicanor Ozoria inali kuponya mpira kuti mnzake aumenye. Sindikunena woponya wa m'masewero, uja amaima pa kachulu n'kumazunguza womenya mpaka ndodo izingowomba mphepo. Nicanor ankaponya kuti amenyedwe. Mpira wake ukalira pa ndodo, n'kuuluka kudumpha mpanda kukagwera m'nzimbe, ndiye kuti tsiku limenelo wagwira ntchito yabwino. Anaigwira zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo ankaponyera munthu mmodzi yekha, Dionisio Calcaño, amene tonse timangomuti Nisio.

Kuno ku Los Jobos, m'minda ya nzimbe ya kumpoto kwa San Pedro, ngakhale mwana wa mamina angakuuzeni mahonroni amene Nisio anamenya ku Amereka, ija mipira yodumpha mpanda. Koma mukafunsa za Nicanor, anthu amayamba akanda kaye kumutu. "Uja wa kabaza wa njinga yamoto? Wa phewa logwa uja?" Inde, yemweyo. Ndipo zimandinyansa, chifukwa mipira yonse ija isanadumphe mipanda ya ku Amereka inayamba yadumpha mpanda wa kuno, ikuchokera m'dzanja lake.

Awiriwa anakulira m'nyumba imodzi yaitali ya kampani ya shuga, zipinda zawo zoyandikana, khoma lake la matabwa okhala ndi mipata moti mwana akatsokomola uku, mayi a uko ndi amene ankadzuka. Abambo awo onse ankadula nzimbe. Mpira weniweni anawo analibe. Ankatola zitsekerero za mabotolo, n'kuthyola mpini wa tsache la Doña Fredesvinda, mayi ake a Nisio, amene ankawathamangitsa ndi mbali yotsalayo. Kuyambira nthawi imeneyo Nicanor ndiye ankaponya, Nisio n'kumamenya. Palibe anawagawira, zinangokhala choncho.

Azungu osaka anyamata atabwera ndi makina awo oyezera liwiro, anawatenga onse awiri chaka chimodzi. Nicanor anali ndi dzanja lolunjika, ankagwetsa chitini chimene mwachiika pa chitsa ngakhale mutachiika kangati, koma mpira wake unalibe moto. Anakafika m'katauni kena kozizira ka ku Amereka, kozunguliridwa ndi minda ya chimanga, anaponya nyengo ziwiri, kenako mkulu wa timu anamuitanira m'kachipinda, anamugwira chanza n'kumupatsa tikiti ya ndege. Anabwera ndi jekete lolemera limene kuno silivalika komanso nsapato za misomali. Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo mbiri yake ya mpira inathera pomwepo. Analira, ndipo anatha miyezi osadutsa pafupi ndi bwalo.

Nisio yekha anapitirira. Tsiku limene anamenya honroni yake yoyamba m'ligi yaikulu, Nicanor anali kupakira nzimbe m'ngolo, anangomva pa wailesi ya kapitawo. Plinio, mwini golosale ya pa mphambano, anatenga penti yofiira n'kulemba 1 pa khoma la golosale yake, ndipo kuchokera pamenepo ankafuta n'kulembanso nthawi iliyonse Nisio akamenya, mpaka khomalo linatupa ndi penti. Chaka chimenecho Nisio atabwera kudzapuma, anakamupeza Nicanor kunyumba.

"Iwe, mkono uja unagulitsa kapena ulipo?"

"Ulipo. Ukungodyera nthochi."

"Mawa m'mawa pa bwalo. Azungu aja amaponya ngati akugenda agalu. Ndikufuna munthu woika mpira pamene ndikufuna ine."

Ntchito inayamba choncho. Nyengo ya mpira ku Amereka ikatha mu Okutobala, Nisio ankabwera, n'kudya Khirisimasi yonse, kuvina, kunenepa. Chikondwerero cha Mafumu Atatu chikangodutsa mu Januwale, ankayamba kukonzeka, m'mawa uliwonse mpaka tsiku lokwera ndege. Nicanor ankaima kuseri kwa ukonde wa mafelemu a chitsulo womutchinga ku mipira yobwerera, ndowa ya mipira ili pambali, n'kumaponya mpaka dzuwa litafika paliwombo. Miyezi ina yonseyo ankanyamula anthu pa njinga yamoto, imene anamugulira Nisio yemweyo.

Ntchitoyi ili ndi malamulo ake, ngakhale palibe anawalemba. Umaponya mpira wowongoka, liwiro limodzimodzi, pamalo pamene mwini wake amapakonda. Suponya pafupi ndi thupi lake, chifukwa thupi limenelo likudyetsa mudzi wonse. Ndipo suyankhula. Woponyera ali ndi mkono, pakamwa alibe. Msuweni wina wa Nisio anayesapo kunena kuti, "Achimwene, mwendo mukuutsogoza msanga," ndipo mawa lake anapezeka akuonera kunja kwa mpanda. Nicanor malamulowa anawasunga kuposa aliyense, ndipo ankanyada nawo.

Pa golosale ankamuseka. Akangoimika njinga kuti amwe kamodzi, Plinio ankakuwa ali kuseri kwa kauntala: "Mpatseni mpando mkuluyu! Woponya amene wamenyedwa kuposa onse padziko lapansi!" A madomino ankafa nazo nseko. Nicanor sankapsa mtima. Ankangoloza khoma ndi botolo n'kunena kuti, "Inu mumapenta, ine ndimaphika." Akafika kunyumba, mkazi wake Dilenia ankamusisita phewa ndi mafuta otentha a m'kachitini, uku akudandaula kuti anakwatiwa ndi mwamuna wa mkono umodzi, winawo ndi wa eni ake.

Nambala ya pa khoma inakwera. Itadutsa zana, Dilenia anabereka mwana wamkazi, Yaneris, ndipo Nisio ndi amene anamunyamula pa ubatizo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa anakhala makompadre, achibale a pa ubatizo, za "iwe" zinatha. Kwathu kuno kompadre wako umamulemekeza kuposa mbale wako wa bere limodzi: sumutukwana, sukangana naye, ndipo sumuchititsa manyazi ngakhale mutaledzera nonse. Chaka chimene Nisio anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse m'ligi, anabwera pa mdipiti wa magalimoto kuchokera ku bwalo la ndege, ana akuthamangira m'mbali. Timu yake itatenga chikho, anabwera ndi mphete yolemera, anthu n'kuima pamzere kuti aikhudze. Anamanga bwalo lakelake m'mphepete mwa nzimbe. Anamangira mayi ake nyumba yosanja imene sanaione, popeza nthawi imeneyo maso awo anali atafa kale. Nambala ija itafika mazana anayi, anayankhula pa TV n'kuthokoza Mulungu, mayi ake ndi timu. Dilenia anadikira dzina lina mpaka pulogalamu inatha, koma mwini dzinalo ankangoomba m'manja. Pa maphwando onsewa Nicanor ankakhala kumapeto kwa tebulo, foloko ali nayo kumanzere chifukwa phewa lamanja linali litayamba kukana.

Januwale amene ndikunenayu, Nisio anali atatsala chaka chimodzi kuti akwanitse zaka makumi anayi, ndipo pa khoma panali 497. Panatsala atatu kuti afike mazana asanu. Odziwa mpira akudziwa kuti khomo limenelo analowapo ndi anthu owerengeka. Timu inali itamupatsa nyengo imodzi yomaliza, ndipo m'mudzi monse, kaya pa mpopi kaya potuluka m'tchalitchi, nkhani inali ya atatuwo.

M'mawa wina, mame asanaume, phewa la Nicanor linagwira mkono uli m'mwamba, mpira n'kupulumuka. Unakwera molunjika mutu, mbali ya kumanzere imene womenya amalozetsa kwa woponya. Mpirawo unadutsa pafupi ndi khutu la Nisio, mpata wake wosakwana chikhatho, n'kukagwera mu ukonde wa kumbuyo.

Nisio sanagwedezeke. Sanazinde, sanaphethire n'komwe. Anangotsitsa ndodo n'kuyang'ana pansi, patsogolo pake.

"Kompadre, umenewo mwaukwirira kuti? Mkono wayamba kukalamba eti?"

Nicanor anayang'ana uku ndi uku. Asuweni a Nisio anali pa galimoto, zitseko zili chitsegulire, nyimbo ya bachata ikugunda, akukanganirana za tambala wina wa ndewu. Otola mipira anali kutali ku mpanda. Palibe anaona.

"Wapulumuka, kompadre. Ndi mamewa."

"Pukutani manja, ine ndingamere mizu pano."

Anamaliza kuponya mipira yotsalayo. M'mutu mwake munali Doña Fredesvinda. Matenda awo a maso sanayambe ndi mdima wa tsiku limodzi. Ankatha kulowetsa ulusi pa singano, koma polowa m'nyumba ankagunda phewa pa felemu la chitseko, ndipo kapu ukawaikira pambali ankaigwetsa n'kukalipira ana. Mdimawo unayambira m'mbali, n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka unakumana pakati. Popuma, Nicanor anathira khofi n'kukaika kapu pa boneti, kumanzere kwa Nisio, pafupi ndi chigongono. Nisio anacheza, anaseka, kenako anakuwa: "Khofi wanga ali kuti, anthu inu?" Nicanor anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

Masana Dilenia anamuikira mpunga, nyemba ndi nkhuku, koma iye ankangosuntha supuni. Atamuumiriza, anamuuza zonse.

"Ndiye wamuuza?"

"Ndimuuze kuti chiyani?"

"Kuti sakuona, Nica! Ukufuna ndikuimbire nyimbo?"

"Si ntchito yanga imeneyo. Ku Amereka kuli madokotala, amawayeza chaka chilichonse."

"Amawawerengetsa zilembo pa khoma. Mayi ake aja sankasoka mabatani mpaka kumapeto?"

Dilenia anapitiriza.

"Anyamata a kumeneko saponya ngati iwe, wekha umanena. Umati mpira wawo sumauona, umangoumva wadutsa."

"Atatu okha, Dilenia. Atatu. Mwezi umodzi zatha. Akangomenya ndikamuuza ndekha, ndikamuperekeza ndekha kuchipatala."

"Nanga mpira ukamupeza iye asanaupeze?"

"Ndi kompadre wanga. Munthu wavutika moyo wake wonse, wafika pakhomo, ine ndikamuuze kuti bwererani? Azungu aja akangodziwa, yunifolomu amulanda tsiku lomwelo."

"Ukungoopa kuti akulanda njinga."

Nicanor anamenya tebulo, chinthu chimene sanachitepo m'banjamo. "Njinga atenge! Nyumba atenge!"

Dilenia anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona kuti mwamunayo akunena zoona, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa, chifukwa akanakhala wadyera akanadziwa pomugwira. "Chabwino," anatero akuchotsa mbale. "Koma ukadzamuona atagona pansi, usadzati sindinanene."

Mawa lake Nicanor analawirira pa bwalo anthu asanafike. Anagwira ukonde wake n'kuukokera cha kumanja kwa womenya, kumene Nisio ankaonabe bwino. Pang'ono chabe. Tsiku lotsatira anaukokanso, ndi linalo chimodzimodzi, mpaka dzenje limene mapazi ake anakumba zaka zonse zija linatsala pambali, poyera. Palibe amayang'ana pamene woponyera waima, maso onse amakhala pa mpira ukamauluka. Tsopano mipira yonse inkachokera kowala, ndipo Nicanor ankaiika kutali ndi thupi, pamene Nisio amatambasula manja. Luso lake lonse analithera pamenepo. Ndipo Nisio anamenya, abale anga. Mipira inkagwera mkati mwenimweni mwa nzimbe moti otola anasiya kuifuna. Asuweni ankakuwa kuti, "Mazana asanu achepa, bwana! Tiyeni tipitirire!" Atolankhani anabwera kuchokera ku likulu, anajambula, n'kukalemba kuti mkuluyo wabwerera ku unyamata.

Tsiku lomaliza kunaphikidwa sankocho monga mwa nthawi zonse, mphika waukulu wa nyama, chinangwa ndi nthochi uli pa mafuwa kuseri kwa bwalo. Anthu ali kalikiliki ndi mbale, Nisio anamukoka Nicanor pa mkono mpaka pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi nyimbo. Nkhope yake inalibe nthabwala.

"Kompadre, inu mwandiponyera kuyambira tili opanda nsapato. Palibe amandidziwa ngati inu, ngakhale mkazi wanga. Awa," analoza asuweni ndi chibwano, "ndikaphonya amati mpira ndi wokhota. Ndiuzeni inu. Mukundiona bwanji?"

"Mwaona nokha mmene ikuulukira."

"Sindikunena zimenezo. Masiku ena ndimamva ngati pali munthu waima apa," anakweza dzanja pafupi ndi khutu lamanzere, "ndikatembenuka palibe. Ndikamayendetsa galimoto, njinga zimangotulukira. Mwina ndi kutopa. Inu mukati ndili bwino, ndikwera ndege. Mukati ayi, ndimva."

Nicanor anali ndi mpira m'dzanja, akuuzunguliza ndi zala. Bwalo linali pomwepo. Akanatha kunena kuti tiyeni mukaime, ndikuponyereni umodzi wokha kuchokera pamalo pakale. Sizikanafuna ngakhale mawu ambiri. Anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, imvi zitayamba m'ndevu, maso akupempha, ndipo anamumvera chisoni chachikulu. Chisoni chimenecho n'chimene chinayankha.

"Kompadre, muli ngati mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu."

Nisio anatulutsa mpweya wautali, n'kuseka, n'kumukumbatira mpaka phewa lija linalira. "Mwandimasula," anatero. "Tiyeni tikadye, afisi aja angatimalizire nyama."

Nyengo itayamba mu Epulo, Nisio anamenya imodzi sabata yoyamba yomwe. Plinio anafuta 7 n'kulemba 8. Mwezi usanathe anamenyanso, ndipo pa khoma panaoneka 499. Nicanor anayambanso kudya bwino. Ankauza Dilenia kuti, "Waona? Yatsala imodzi," koma Dilenia ankangoyatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha Amayi Maria a Altagracia. Plinio anagula chitini chatsopano cha penti, yagolide, n'kuchiika pa shelefu pakati pa mabotolo a ramu kuti aliyense achione.

Lamulungu lina masana mudzi wonse unadzaza pa golosale. Magetsi anali atathima monga mwa chizolowezi chawo, jenereta ikulira kuseri, TV ili pamwamba pa firiji. Amuna anasiya madomino, amayi anabwera ndi mipando ya pulasitiki, ana ali m'mawindo. Anthu anamupatsa Nicanor mpando wa kutsogolo. Nisio anaima kawiri pomenyera osaphula kanthu. Atabwera kachitatu, timu inayo inasintha woponya, n'kulowetsa mnyamata wamtali, woonda, amene palibe ankamudziwa dzina.

Mnyamatayo atangoponya mipira yoyeserera, Nicanor anaimirira. Uyu sankaponyera pamwamba pa phewa ngati anzake. Mkono wake wamanja unkadzera m'mbali, chammunsi, moti kwa womenya mpira unkatulukira cha kumbuyo kwa msana. Unkachokera mu mdima muja.

"Khala pansi, Nica, ukutitchinga!" wina anakuwa kumbuyo. "Kapena ukufuna ukaponye ndiwe?" Anthu anaseka.

Mpira woyamba unadutsa kutali ndi thupi, Nisio anaumenya mochedwa n'kuphonya. Wachiwiri unamupulumuka mnyamatayo. Sanachite dala, aliyense amene anagwirapo mpira anaona. Unakwera molunjika nkhope. Mipira yotere imabwera m'masewero, ndipo womenya aliyense, ngakhale wa zaka khumi, amadzigwetsa pansi, n'kudzuka akutukwana, akusasa fumbi. Nisio anaima chilili, ndodo ili m'mwamba, akudikira mpira umene unali utafika kale.

Kulira kwake tinakumva pamwamba pa jenereta. Chipewa chake cholimba chinagubuduka chokha, iye n'kugwa chafufumimba, miyendo ikuphiriphitha pang'ono, kenako zii. M'golosale munalibe wopuma. A TV aja, opanda chisoni, anabwereza chithunzicho pang'onopang'ono, n'kuchibwerezanso. Kenako anthu anayamba kutukwana mnyamata uja ndi mayi ake omwe. Plinio yekha ndi amene anali chiyang'anire, dzanja lili pakamwa.

"Koma bwanji sanazinde?" anafunsa. "Nica, iwe umamudziwa. Bwanji sanazinde?"

Nicanor anatuluka. Njinga anaisiya pomwepo, analowa wapansi mu msewu wa m'nzimbe, ndipo Dilenia anakamupeza dzuwa litapendeka, atakhala m'ngalande, atasanza.

Nisio sanafe. Mafupa a kumaso anaphwanyika, diso lamanzere madokotala analephera kulipulumutsa, ndipo poyeza linalo anapeza matenda a mayi ake aja atayamba kale kulidya m'mbali. Anabwera mu Ogasiti, popanda mdipiti, popanda nyimbo, n'kudzitsekera m'nyumba yake ya mpanda wautali. Amene anamuona ankati akuyankhula mochedwa, ndipo kuwala kumamupweteka mutu. Asuweni anayamba kuchepa. Nicanor ankafika pa geti n'kubwerera asanagogode. Yaneris yekha ndi amene ankapita kukapempha madalitso kwa bambo ake a ubatizo, ndipo ankabwera ndi uthenga umodzimodzi: "Akuti moni kwa kompadre." Moni umenewo unkamupweteka Nicanor kuposa kutukwanidwa. Pa khoma la Plinio 499 inayamba kusuluka, ndipo chitini cha penti yagolide chija anachichotsa pa shelefu.

Mafumu Atatu atadutsa, Nicanor anadzuka m'mamawa, miyendo n'kumutengera yokha ku bwalo. Udzu unali wofika m'mawondo, mbuzi za munthu wina zikudya pamene ankaima otola mipira. Ukonde wake unali pomwe anausiya, zomera zoyanga zitaukulunga. Anaima pamenepo osadziwa chimene wadzera. Kenako anamva galimoto.

Ankayendetsa ndi mkazi wa Nisio, amene anatsala momwemo. Nisio anatsika yekha, magalasi akuda ali kumaso, tsaya limodzi lolowa mkati, akuponda mosamala. Anali ataonda kwambiri.

"Kompadre."

"Kompadre."

"Ndimadziwa kuti ndikupezani kuno. Mkono uli bwanji?"

"Ulipo."

Nisio anapita pomenyera, n'kuima monga ankaimira, phewa lamanzere kutsogolo, m'manja mulibe ndodo. Anatembenuza mutu wonse kuti diso lotsalalo liyang'ane kumene mpira unkachokera. Anakhala choncho nthawi yaitali. Patsogolo pake, molunjika, panali dzenje lija. Nthaka yake inapondedwa zaka zambiri moti udzu unakana kumerapo, linali mbee ngati chipsera. Ukonde unali uko, pambali, kumanja.

Anayang'ana dzenje, anayang'ana ukonde, anayang'ananso dzenje.

"Pamalo panu si apo, kompadre."

Nisio analoza ukonde uja.

"Munausuntha liti?"

"Januwale wa chaka chatha."

"Ndiye pansi pa mango paja munali mutausuntha kale."

"Inde."

Nicanor anadikira kutukwanidwa. Ankakufuna kutukwanidwako, akanakonda Nisio atatola mwala. Anayamba kunena za atatu aja, kuti ankafuna akamalize kaye, koma Nisio anakweza dzanja kumuletsa.

"Madokotala a timu ndinawabisira ndine," anatero pang'onopang'ono, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa. "Uyo ali m'galimotoyo sindinamuuze. Ndinkaopa. Ndinati ndifunse munthu mmodzi yekha amene sangandinamize, ndipo chimene anene ndichita. Mukanati ayi, kompadre, ndikanatsala. Ndikanakukwiyirani mwezi umodzi, mwina iwiri. Koma ndikanatsala."

Anatembenuka kuti azipita. Phazi lake linakodwa mu udzu, anadzandira, dzanja likupapasa mzati wa ukonde wa kumbuyo osaupeza. Nicanor anathamanga n'kumugwira pa chigongono. Nisio anadzidzimuka thupi lonse, kenako anachotsa dzanjalo mwaulemu.

"Musandidzere kumanzere, kompadre. Kumeneko sindiona. Inu mukudziwa."

Anayenda yekha mpaka pa galimoto.

Fumbi litatha, Nicanor anagwira ukonde uja kuti aubwezere pamalo pake. Udzu ndi zoyanga zinali zitaugwira pansi, ndipo phewa linakana. Anayesa ndi mkono wamanzere, anayesa kukankha ndi msana, koma sunasunthe. Ukadali pomwepo mpaka lero, pambali pa dzenje. Nicanor akunyamulabe anthu pa njinga yake, ndipo akapeza wopita cha kumeneko amazungulira njira ya ku njanji, ngakhale ndi yaitali.